Madzi Amene Bambo Ankapempha

1

Kwa zaka zitatu, kutchalitchi kwathu ankanditcha "mayi wa umboni." Kukabwera mlaliki wachilendo, abusa ankandiimiritsa pakati pa anthu. "Mayi awa," ankatero, "anawombola bambo awo owabereka pa ola lomaliza." Anthu ankawomba m'manja, ena n'kumapukuta misozi, ine n'kumamwetulira ngati munthu amene nsapato ikumuluma koma akujambulidwa chithunzi.

Mapemphero akatha ndinkabwerera kunyumba ya zipinda ziwiri kumene kunalibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Mwamuna wanga anali atamwalira, ana sitinakhale nawo, ndipo achimwene anga, mbale yekhayo amene ndinatsala naye, akandiona ndikubwera ankawolokera tsidya lina la msewu ngakhale kukhale matope. Pansi pa bedi langa panali sutikesi yakale ya bambo. Posesa ndinkangoizungulira ndi tsache, osaikhudza.

Ndine mphunzitsi. Tsiku ndi tsiku ndimauza ana a eni kuti mawu aliwonse ali ndi tanthauzo lakelake, asamawasakanize. Koma ine mwini ndinabisala kumbuyo kwa mawu amodzi kwa zaka zitatu zathunthu, ndipo ndatopa nako kubisalako.

2

Bambo anga anali telala, ndipo anali Msilamu. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi kotsamira sitolo ya zitsulo. Munali makina osokera pafupi ndi zenera, tebulo lodulirapo nsalu, kalilole wong'aluka pakona, ndi kamkeka koswalira kamene kankakhala kopindidwa pamwamba pa kabati. Pansi pa tebulo pankakhala ketulo yaing'ono ya buluu, yosupuka utoto pakamwa pake.

Ketulo imeneyo sinalawepo tiyi. Inali ya madzi osamba m'manja, kumaso ndi kumapazi nthawi yoswali ikakwana, ndipo kuyambira ndili wamng'ono kuidzaza inali ntchito yanga. Bambo sankamwaza mawu. Makina akangoti zii, ndinkamva liwu limodzi: "Madzi." Ine uyo, liwiro kumpopi wa kuseri. A sitolo ya zitsulo ankanena kuti iwo wotchi sagula, bambo anga alipo.

Nditakula ndinakondana ndi kalaliki wa kupositi, Mkhristu, ndipo ndinalowa tchalitchi chake. Ndisaname kuti ndinangotsatira banja. Ndinakhulupiriradi, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira. Abale a bambo atamva anabwera gulu, anadzitsekera m'nyumba tsiku lonse, ine atanditulutsa panja. Zimene anakambirana sindinazimve. Bambo anakhala sabata yathunthu osandiyankhula, kenako anandiitanitsa kushopu. Ndinawapeza tepi ili m'khosi.

"Ima bwino," anatero.

"Mukufuna kundiyeza chiyani, bambo?"

"Ukufuna ukakwatiwe m'diresi losoka munthu wina kuti anthu azindiseka? Kweza mikono."

Diresi analisoka, koma m'tchalitchi sanalowe. Anaima kunja kwa mpanda, padzuwa, mpaka tinatuluka. Patapita zaka anandisokeranso yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, akung'ung'udza ndi mapini kukamwa kuti amene anayambitsa kolala yoteroyo sanagwirepo singano.

3

Amayi anamwalira ndili ndi zaka ziwiri m'banja, ndipo anaikidwa kumanda a Asilamu. Kamalo ka pambali pawo bambo ankati n'kawo, ndipo ankapita kukazulapo udzu ngati ndi dimba.

Kenako, patatha zaka khumi, mwamuna wanga naye anadwala mwezi umodzi n'kutisiya. Maliro atatha, anthu atabalalika, abusa anabwera kudzanditonthoza. Anakhala pampando wa malemu, chipewa chili pabondo.

"Pukutani misozi, mayi. Uku n'kusiyana kwa kanthawi chabe. Mudzakumananso."

Mawuwo anandiziziritsa mtima. Ndiye, poti wanjala akapatsidwa pang'ono amatambasulanso dzanja, ndinafunsa: "Nanga amayi anga, abusa? Nawonso ndidzawaona?"

Abusa anayang'ana nsapato zawo nthawi yaitali ngati akuziona koyamba.

"Mayi, khomo ndi limodzi. Sindine ndinakonza zimenezi."

Tsiku limenelo ndinaferedwa kawiri. Amayi anga, amene ankagawa chakudya chawo kwa aliyense wogogoda, amene sanagonepo ndi mkwiyo, akuti ali kunja kwa khomo. Ndinachita mantha enieni. Amayi ndinali nditachedwa nawo, koma bambo anali akadali moyo, ndipo ndinalumbira kuti iwowa sindiwataya.

Loweruka lililonse ndinayamba kupita kushopu ndi timapepala ta uthenga. Ndinkalalikira mpaka kukhosi kuuma, bambo akupalasa makina. Ndikapuma ankadzutsa mutu.

"Wamaliza? Tandipatsira sizasi."

Tsiku lina ndinalira pamaso pawo. "Bambo, simukundimvera chisoni? Mukufuna ndikakhale kumeneko ndekha?"

Anaimitsa makina, n'kuvula magalasi.

"Mwana wanga, ine ndayeza ndi tepi imodzi zaka makumi asanu, ndipo sindinabere munthu ngakhale kachidutswa ka nsalu. Iwe uli ndi tepi yako, ndinakuletsa? Amene anatilenga tonsefe ndiye adzayeze. Tsopano choka pazenerapo, ukunditchinga kuwala."

Ndinatuluka nditakwiya. Ndinkaona ngati nkhalambayo ikusewera ndi moto, n'kumachita nthabwala.

4

Anagwa Lachiwiri m'mawa, ali pamakina, buluku la munthu lili pakati pa msoko. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, ndipo mawu onse anawathawa kupatula amodzi.

"Madzi."

Achimwene nthawi imeneyo ankagwira ntchito ya zamagetsi kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Anabwera, anakhala masiku atatu, abwana awo n'kuwaitana. Choncho bambo atatulutsidwa m'chipatala ndinawatengera kwanga. Ndinawagoneka pabedi langa, ine n'kumagona pamphasa pabalaza.

"Madzi," ankatero. Ndinkabwera ndi kapu, iwo n'kuikankha ndi dzanja lamoyolo. Pakapita maola angapo, "Madzi." Kapu ija, kukankhanso.

Tsiku lina amayi busa anabwera kudzazonda wodwala, ndipo anaziona zimenezi ndi maso awo. Anandikokera kukhitchini, nkhope ikuwala.

"Mayi, kodi simukumva? Munthu akupempha madzi, mukumupatsa akumwa, akukana. Ndiye akupempha madzi ati? Mapemphero anu aja ayankhidwa."

"Koma abusa kulibe, anapita kumsonkhano."

"Nthawi ikathina, wokhulupirira aliyense akhoza kubatiza. Mungowafunsa. Akavomera, thirani. Musachedwe, anthu a matenda amenewa satsanzika."

Lachinayi masana ndinatenga beseni, ndinalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Zimene zinachitika m'menemo ndikuuzani, koma muyambe mwamva zimene ndinauza anthu. Ndinapita kwa amayi busa madzulo ake n'kunena kuti: "Ndinawafunsa, ndipo anagwedeza mutu." Amayi busa anandikumbatira, anaimba nyimbo pakhonde pomwepo, ndipo pofika Lamlungu tchalitchi chonse chinali chitamva.

Lolemba bambo anafooka, tinabwerera nawo kuchipatala, anawaika diripi. Lachiwiri m'mawa anapita.

5

Achimwene, amene ananyamuka atangomva kuti bambo afooka, anatsika basi masana n'kupeza pakhomo panga pali magulu awiri. Pabalaza amayi a yunifolomu ankaimba. Panja, pafupi ndi geti, panaima a shehe ndi nkhalamba zinayi za kumzikiti, zitabwera kudzasambitsa mnzawo kuti zimuike dzuwa lisanalowe.

Abusa anali atawauza kale nkhani ya ubatizo. A shehe sanakangane nawo. Anangopempha kuti ayankhule ndi ine. Anali munthu wamng'ono thupi, wa mawu ofatsa, amene ankandipatsa maswiti ndili mwana.

"Mwana wanga, pepa ndi zovutazi. Bambo ako ndaswali nawo phewa ndi phewa zaka makumi anayi. Ndili ndi funso limodzi lokha. Utawafunsa, anati chiyani?"

"Sankayankhula."

"Ndiye unadziwa bwanji?"

Nyimbo inali itaima. Maso onse anali pa ine, a yunifolomu ndi a mikanjo omwe.

"Anagwedeza mutu," ndinatero.

A shehe anandiyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira anzawo. "Ngati mwini wake anagwedeza mutu, ife sitingalimbane ndi mutu wa munthu. Tiyeni." Nkhalamba imodzi inkalira poyera ikutuluka pageti.

Achimwene anandigwira pamkono. Sanakweze mawu.

"Mlongo wanga, anagwedeza chotani?"

Amayi busa anayambitsa nyimbo ina, ndipo ine ndinalowa m'nyimbomo ngati mbewa yolowa kuuna.

Pofuna zovala zowaveka ndinatsegula sutikesi yawo. Pansi pa malaya ndinapeza nsalu yoyera yatsopano, yodulidwa kale zidutswa zitatu, yopindidwa bwinobwino. Bambo anali ndi chizolowezi cholemba ndi choko dzina la mwini nsalu pakona pake. Pa iyi analembapo kuti "ya mwini shopu." Anali atadziyeza okha, n'kudzidulira okha nsalu yodzawaikira. Ndinatseka sutikesiyo msangamsanga n'kuikankhira pansi pa bedi.

Tinawaika mawa lake, m'bokosi, atavala jekete ndi tayi. Bambo anga anasoka majekete osawerengeka, koma tayi sanamangepo moyo wawo wonse. Anagona kumanda a tchalitchi, pakati pa anthu osawadziwa, kutali ndi kamalo kaja ankazulapo udzu. Achimwene anaima kunja kwa mpanda wa manda, padzuwa, mpaka mwambo unatha. Kenako anasiya ntchito ya zamagetsi, anatsegulanso shopu ya bambo, ndipo ine sanandiyankhulenso.

6

Umboni ndi chinthu chodabwitsa, umanenepa ukamaunena. Chaka choyamba bambo anangogwedeza mutu. Chaka chachiwiri anagwedeza akumwetulira. Pofika chachitatu, amayi busa ankanena kuti m'chipindamo munawala, ine osawatsutsa. Ankandiitana kumisonkhano ya amayi, ankandikhazika kutsogolo, ankandipatsa kapu yagalasi ena akumwera za pulasitiki.

Koma kunyumba ndinkadya choimirira pafupi ndi sinki, chifukwa kukhala patebulo wekha kumachulukitsa mipando. Ndinasiya kugona kuchipinda. Ndinkadziuza kuti bambo ndinawapulumutsa, kuti tsiku lina adzandithokoza. Ndikafuna kuganiza nkhope yawo ikundithokoza, sinkabwera. Inkabwera ina ija.

Ndikamachokera kusukulu ndinkadutsa dala msewu wa kushopu, ngakhale unali wozungulira. Ndinkaima patsidya, kuseri kwa galimoto zoimikidwa, n'kumamvetsera makina. Achimwene ankapalasa mosiyana ndi bambo, mothamanga n'kumaimaima, ngati munthu wophunzira njinga atakula. Ndinkamvetsera pang'ono, n'kumapita.

Lamlungu lina, titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wogulitsa mankhwala pa famase ananditsatira mpaka pageti. Anali atalowa tchalitchi chathu chaka chomwecho.

"Mayi wa umboni, ndithandizeni. Amayi anga ali gone, madokotala atibweza. Iwo zopemphera zathuzi sanazilolepo, ali ndi njira yawo. Tiyeni limodzi mawa mukachite zija munachita kwa bambo anu."

Ndinati ndiganize kaye. Iye anandigwira dzanja, m'maso muli mantha amene ndinawazindikira, chifukwa anali anga omwe aja.

"Koma chimene chikundivuta n'chimodzi," anatero. "Anu anavomera. Nanga anga akakana?"

Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Anganso anakana."

Mayiyo anandisiya dzanja ngati wagwira mbaula. Ine ndinapita kunyumba, ndinagwada pansi, ndinakoka sutikesi ija ili fumbi lokhalokha.

7

Lolemba nditaweruka ndinawoloka msewu uja koyamba. Achimwene anali pamakina, magalasi a bambo ali pamphuno. Atandiona pakhomo phazi lawo linaima.

"Ngati ndi yunifolomu, kuno sitisoka," anatero.

Ndinaika sutikesi patebulo lodulira. "Achimwene, munandifunsa funso tsiku la maliro. Ndabwera kudzayankha."

Sanandipatse mpando. Ndinayankhula choimirira.

Ndinawauza kuti madzi amene bambo ankapempha ndinkawadziwa kuyambira tsiku loyamba. Ndikanalephera bwanji kuwadziwa? Ankapempha kasanu pa tsiku, pa nthawi zake zenizeni, ndi liwu lomwe lija linkandithamangitsira kumpopi ndili mwana. Ketulo ya buluu ndinaisiya dala kushopu. Ndinkawapatsa kapu n'kumadzinamiza kuti ndi ludzu, chifukwa ndinkaona ngati ndikawathandiza kuswali ndiye kuti ndikuwakankhira kumoto ndi manja anga.

"Lachinayi lija nditalowa ndi beseni," ndinatero, "nkhope yawo inasangalala, achimwene. Koyamba chigwereni. Anatambasula dzanja lamoyo lija kuti ndiwasambitse. Ankayesa kuti mwana wawo wamva tsopano."

Achimwene anavula magalasi.

"Ndinawafunsa ngati akuvomera kubatizidwa. Anabweza dzanja. Ndinafunsanso. Ndinafunsa kachitatu. Mutu unayenda ndithu, ndipo ine kwa zaka zitatu ndakhala ndikudziuza kuti sindinaname, kugwedeza ndi kugwedeza basi. Koma mwana aliyense wa m'kalasi mwanga amadziwa kuti wokana sagwedeza mutu. Bambo anapukusa. Anapukusa ndi mphamvu zonse zimene anatsala nazo, mpaka pilo anagwa pansi."

"Ndiye?"

"Ndinawagwira chibwano ndi dzanja ili kuti mutu uime. Ndinathira."

Madzi analowa m'makutu mwawo, anatsikira m'ndevu. Sanandiyang'ane mokwiya, bola akanakwiya. Anandiyang'ana ngati munthu amene waberedwa ndi mwana wake, kenako anatseka maso. Kuyambira ola limenelo liwu lija sanalitchulenso, ndipo ndikabwera ndi kapu ankaluma milomo.

Panja wina ankatsitsa mapaipi pa sitolo ya zitsulo.

"Ndinkadziwa," achimwene anatero.

"Munkadziwa?"

"Namwino anandiuza. Anati nkhalamba ija inali yodabwitsa, iye akaipatsa madzi pa supuni inkamwa, koma mwana wake akayandikira inkatseka pakamwa."

"Nanga bwanji simunanditsutse pamaso pa a shehe? Akanakumverani inu."

Anapukuta magalasi aja ndi kachidutswa ka nsalu, pang'onopang'ono.

"Tsiku lija abale anadzitsekera m'nyumba chifukwa cha ukwati wako, ine ndinali momwemo. Onse ankati watayika, ufafanizidwe pabanja. Bambo anawasiya alankhule mpaka atatopa. Kenako anati, 'Mwana uyu ndi nsalu imene ndinangosungitsidwa, sindinailuke ndine. Wonyoza mwana ameneyu pagulu, kaya ndili moyo kaya ndafa, wanyoza ine.' Anandiloza ine ndi chala, poti ndine ndinkalusa kwambiri. Ndiye pamaliro awo omwe ndikanakutcha wabodza pamaso pa anthu? Ndinasankha kuwamvera, n'kuwataya."

Ndinakhala pa mpukutu wa nsalu.

"Ndipo ankakutchula," anapitiriza. "Akamaliza kuswali, tsiku lililonse, dzina lako linali lomaliza."

"Ankapempha kuti ndibwerere?"

"Nanenso ndinkayesa choncho, mpaka ndinawafunsa. Anati ayi. Ankangoti, 'Mumusunge komwe aliko.'"

Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi, pakati pa nsalu za eni. Achimwene sanandigwire paphewa. Anatsegula sutikesi, anatulutsa nsalu yoyera ija, anawerenga choko cha pakona.

"Achimwene," ndinatero, "bambo ali kuti?"

"Ukundifunsa ine? Si iwe unali ndi makiyi?"

Anapinda nsaluyo n'kuiika pamwamba pa kabati, pafupi ndi kamkeka.

"Msinkhu wanga ndi wa bambo ndi umodzi, ndipo mwini shopu tsopano ndine. Idzagwira ntchito. Tsiku limenelo iwe udzakhale kutali ndi beseni lako. Pita, ndili ndi zosoka."

8

Lamlungu lotsatira ndinapempha kupereka umboni, ndipo abusa anandipatsa maikolofoni mokondwa. Ndinanena zonse. Panalibe wowomba m'manja. Titatuluka abusa anati nkhani zotere ndikanayamba ndawauza kuseri, amayi busa anandidutsa ngati mtengo, ndipo kumisonkhano ya amayi sanandiitanenso. Tsopano ndimakhala benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Mayi wa pa famase yekha ndiye amabwera kudzakhala nane. Amayi ake anamwalira ali m'njira yawo, iye atawagwira dzanja, ndipo akuti anamwa madzi a m'kapu yake mpaka tsiku lomaliza.

Ndinawafunsanso abusa funso langa lakale lija. Anati khomo likadali limodzi. Ndinati, "Ndamva, abusa. Koma pakhomopo mlonda ndani, inu kapena ine?" Anayang'ananso nsapato zawo.

Inu owerenga, ndikudziwa kuti ambiri muli ndi wanu amene mumamuganizira mukamva za khomo limeneli: mayi, mwamuna, mwana, mnzanu wa kuntchito amene amapemphera mwina kapena sapemphera n'komwe. Mukuyembekeza kuti ndikuuzeni ngati anthu otere adzapulumuke. Sindikudziwa. Ndikadali Mkhristu, ndimawerenga, ndimafunsa, ndipo ngakhale anthu ophunzira amandiyankha mosiyanasiyana. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku limene ndinali wotsimikiza kwambiri ndi limene ndinachita choipa chachikulu m'moyo wanga. Ndinkati ndi chikondi, koma kwenikweni anali mantha, mantha odzakhala ndekha kumwamba, ndipo andisiya ndekha pansi pano. Bambo anga, amene ndinkawayesa otayika, anandipereka m'manja mwa Mulungu n'kundisokera diresi. Ine wopulumutsidwa sindinamukhulupirire Mulungu yemweyo kuti angawasunge popanda ine kuwagwira chibwano. Uzani anthu anu za chikhulupiriro chanu, apemphereni mpaka mawondo achite zikang'a. Koma munthu akapukusa mutu, wapukusa.

Kumanda a Asilamu ndimapita mwezi uliwonse kukazula udzu pa kamalo kopanda munthu kaja. Popemphera, dzina la bambo ndi la amayi ndimalitchula pomaliza, ndipo mawu ake ndinabwereka kwa eni ake: muwasunge komwe aliko.

Kushopu ndimapitabe ndikaweruka. Sindiimanso patsidya. Ndimakhala pabenchi la makasitomala pakhonde n'kumachonga makope a ana, achimwene akupalasa makina mkati. Sandithamangitsa, sandipatsa moni. Tatha miyezi inayi chotero.

Lachinayi lapitali, dzuwa litapendeka, makina anaima. Ndinamva akusuntha mpando, akufufuza pansi pa tebulo, kenako kachitsulo kakulira kopanda kanthu m'kati. Atayankhula sanayang'ane kumene ndinali, ndipo liwu lawo linali lokalipa ngati la munthu amene akukakamizidwa.

"Madzi."

Makope anagwa pansi. Ndinalandira ketulo ya buluu ija ndi manja awiri, n'kuthamangira kumpopi wa kuseri.